KUSANKHA KOLEJI YA ZA MALONDA KU AMERICA: WERENGANI MTENGO MUSANAOLOKE MALIRE

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi. Taisindikiza pano kuti amene sanaimve aiwerenge.

Masiku onse mumandimva ndikukamba za m'munda. Lero mundilole ndikambe nkhani yina, ndipo ndiyambe ndi kukuuzani chimene chandichititsa kutero.

Mwezi wathawu, ndiri pa ulendo woyendera alimi, mkulu wina anandiitanira pa khonde pao, nandipatsa foni kuti ndiwawerengere mau amene mwana wao analemba. Mwana waoyo akhala ku America, m'chigawo cha Indiana, kumene kuli anthu a kwathu ambiri ndithu, makamaka mu mzinda wa South Bend. Chaka ndi chaka iye amatumiza ndalama za feteleza. Tsono analemba kuti, "Bambo, pa zaka zinai zikudzazi musayembekeze zambiri kwa ine. Mdzukulu wanu akutsiriza sekondale, ndipo afuna kukaphunzira za malonda pa koleji ya kutali, kunja kwa chigawo chathu. Fizi yake ndi yoopsa." Mkuluyo anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa kuti, "Alangizi, kodi dzikolo si limodzi? Nanga bwanji sukulu ikwere mtengo chifukwa mwana wachoka boma lina kunka boma lina?"

Tsiku limenelo ndinalibe poyankha. Koma ndinapita kukafufuza, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndifuna kukuuzani. Ndilankhula ndi inu makolo amene mukhala ku America ndipo mumatimvera pa intaneti, ndi inu ana ao, ndiponso inu abale a kuno amene nkhani yotere imakukhudzani m'thumba. Ine sindine mphunzitsi wa pa koleji ai. Koma nchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndiyo kuthandiza munthu kuwerenga zolowa ndi zotuluka asanayambe chinthu, ndipo nkhani iyi ifuna kuwerenga komweko.

CHIFUKWA CHAKE MITENGO IRI IWIRI

Dziko la America lagawidwa m'zigawo 50, zimene eni ake amazitcha States. Chigawo chiri chonse chiri ndi Boma lake, malamulo ake ndi msonkho wake. Makoleji a Boma sali m'manja mwa Boma lalikulu la ku Washington, koma m'manja mwa zigawozo. Ena a iwo anayamba ndi lamulo la 1862, limene President Abraham Lincoln anasaina, lopatsa zigawo malo kuti zigulitse ndi kumangira makoleji ophunzitsa za ulimi ndi za makina. Purdue University ya ku Indiana ndi imodzi ya makoleji amenewa.

Popeza koleji imathandizidwa ndi msonkho wa anthu a m'chigawocho, ana a eni chigawo amalipira fizi yochepa. Mwana wochokera ku chigawo china, amene makolo ake sanasonkhepo, amamulipiritsa yaikulu. Kalasi ndi yomweyo, mphunzitsi ndi yemweyo, digiri ndi yomweyo, koma mitengo ndi iwiri.

Imvani kusiyana kwake. Bungwe la College Board limawerenga mitengo imeneyi chaka ndi chaka. M'chaka cha sukulu cha 2024 mpaka 2025, pophatikiza makoleji onse a Boma a zaka zinai ndi kutenga pakati, mwana wa eni chigawo fizi yake inali $11,610 pa chaka, pamene mlendo inali $30,780. Kusiyana kwake ndi $19,170 pa chaka chimodzi. Pa zaka zinai ndi $76,680. Ndalama zonsezi munthu amalipira chifukwa chongooloka malire basi. Pa makoleji otchuka kwambiri kusiyana kumaposa apa. Pa University of Michigan chaka chomwecho mwana wa ku Michigan woyamba kumene analipira zosafika $20,000, pamene mlendo analipira zopitirira $60,000.

Ena amaganiza kuti mwana akakhala kumeneko chaka chimodzi adzayesedwa mwini chigawo. Musadalire zimenezi musanawerenge lamulo la chigawocho. Zigawo zambiri zimafuna kuti munthu akhale miyezi 12 pa chifukwa china, osati cha sukulu. Ndiponso mwana amene akadali m'manja mwa makolo, kwao kumawerengedwa kumene kukhala makolowo. Zigawo zina, monga Utah ndi Missouri, lamulo lao ndi lofewerapo, koma zina, monga California, ndi zolimba kwambiri.

FIZI SI MTENGO WONSE

Cholakwa choyamba chimene makolo amachita ndicho kuyang'ana fizi yokha. Mwana afunika pogona, chakudya, mabuku, zobvala ndi ulendo. M'chaka chomwe chija, pophatikiza zonsezi, College Board inapeza kuti mwana wa eni chigawo wogonera pa koleji afuna $29,910 pa chaka, ndipo mlendo afuna $49,080. Mwana wophunzira kutali amafunanso ndege kapena basi ya mtunda wautali pa tchuthi cha Khirisimasi ndi pa tchuthi chachikulu cha pakati pa chaka. Akadwala, kholo liyenera kunyamuka. Ndiponso makoleji ambiri amaonjeza fizi yapadera kwa ophunzira za malonda, pamwamba pa fizi ya onse. Zonsezi zilembeni.

Cholakwa chachiwiri ndicho kukondwera ndi kukula kwa basale, ndiye kuti chithandizo chimene koleji ichotsera mwana pa fizi. Tiyerekeze motere. Koleji ya kutali yalemba kalata yokoma, yakuti mwana wanu tampatsa $12,000 chaka chiri chonse. Banja lonse lilulutira. Koma chotsani $12,000 pa $30,780, mutsala ndi $18,780. Koleji ya kwanu, yosapereka basale ngakhale pang'ono, ifuna $11,610. Ndiye kuti ndi basale yomweyo mukulipirabe $7,170 yoonjezera pa chaka, imene pa zaka zinai ikwana $28,680, osawerengera maulendo. Akulu anati chikome-kome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Musafunse kuti atichotsera zingati. Funsani kuti titulutsa zingati.

Pali chida chokuthandizani. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza koleji iri yonse yolandira chithandizo cha Boma kuika pa intaneti chowerengera chotchedwa Net Price Calculator. Mumalembamo ndalama zimene banja limapeza, ndipo chimakuonetsani zimene banja longa lanu lingalipire. Chitani zimenezi mwana asanalembe kalata yofunsira malo, asanaikepo mtima wake. Kalata ya chithandizo ikafika, iwerengeni modekha. Makoleji ena amalemba basale ndi ngongole pa mndandanda umodzi, ngati zonse ndi mphatso. Basale simubweza, ngongole mubweza ndi chiongola dzanja. Funsaninso ngati basaleyo ndi ya zaka zonse zinai kapena ya chaka choyamba chokha, ndiponso kuti mwana ayenera kukhoza motani kuti asalandidwe. Kawiri-kawiri amafuna kuti magiredi ake asatsike pa 3.0, pamene apamwamba penipeni ndi 4.0.

NJIRA ZISANU ZOTSITSIRA MTENGO

Sindikunena kuti mwana asaoloke malire ai. Ziripo njira zoolokera popanda kumira, ndipo ndikuuzani zisanu.

Yoyamba ndiyo mapangano a zigawo zoyandikana. Zigawo za kumadzulo, monga California, Washington, Arizona, Colorado, Utah ndi Montana, ziri ndi pangano lotchedwa Western Undergraduate Exchange. Mwana wa chigawo chimodzi akapita ku chinzake, salipira zoposa fizi ya eni chigawo ndi theka lake pamwamba. Ngati eni alipira $9,000, iye salipira zoposa $13,500. Zigawo zina za pakati, pamodzi ndi Indiana, ziri ndi pangano longa lomweli, lotchedwa Midwest Student Exchange Program. Minnesota ndi Wisconsin ali ndi pangano lao-lao la awiri. Za kumpoto cha kum'mawa ziri ndi Tuition Break, ndipo za kummwera ziri ndi Academic Common Market. Koma chenjerani ndi la kummwerali. Ilo limathandiza pokha-pokha ngati maphunziro amene mwana afuna sapezeka m'chigawo cha kwao, ndipo digiri wamba ya za malonda imapezeka pali ponse. Dziwaninso kuti si makoleji onse amene analowa m'mapanganowa, ndipo ena amalandira ana owerengeka okha. Mwana ayenera kupempha yekha, ndi kupempha msanga.

Yachiwiri ndiyo makoleji a Boma amene amalipiritsa onse fizi imodzi. Minot State University ya ku North Dakota ndi Bemidji State University ya ku Minnesota amadziwika ndi zimenezi. Makoleji otere amakhala m'mizinda yaing'ono ya kutali, ndipo amatsitsa mtengo chifukwa afuna ophunzira. Kumeneko kumazizira koopsa miyezi yambiri, ndipo ulendo wake ndi wautali. Mwana adziwiretu, ndipo inu muwerengeretu za majasi ndi za ndege.

Yachitatu ndiyo kukhoza bwino kwa mwana mwini. Makoleji ena akulu amafuna-funa ana anzeru a zigawo zina. University of Alabama imapereka basale zazikulu molingana ndi magiredi ndi mayeso, kotero kuti ophunzira ake oposa theka amachokera kunja kwa Alabama. University of Arkansas imachotsa gawo lalikulu la fizi ya ulendo kwa ana okhoza bwino a zigawo zoyandikana nayo. Ku Texas kuli lamulo lakuti mlendo akapambana basale ya mpikisano ya $1,000 kapena kuposa, koleji ikhoza kumlola kulipira monga mwana wa ku Texas, ngakhale malo otere ndi ochepa. Motero ana inu, dziwani kuti khama la ku sekondale ndi ndalama zeni-zeni.

Yachinai ndiyo makoleji amene si a Boma. Amenewa alibe mitengo iwiri, onse amawalipiritsa chimodzi-modzi. Fizi yao yolembedwa ndi yaikulu, chaka chija inali $43,350 potenga pakati, koma ambiri amachotsera kwambiri ana a mabanja opeza mochepa. Nthawi zina mudzapeza kuti koleji yotere yatsika kuposa ya Boma ya chigawo china. Ku Kentucky kuli Berea College, imene kuyambira 1892 silipiritsa fizi ya maphunziro. Imalandira ana a mabanja osauka okha, ndipo wophunzira ali yense amagwira nchito pa kolejipo maola osachepera 10 pa mlungu. Za malonda amaphunzitsanso. Kupeza malo kumeneko ndi kobvuta, koma kuyesa sikulakwa.

Yachisanu ndiyo kuyamba pafupi ndi kutsiriza kutali. Ku America kuli makoleji a zaka ziwiri, amene fizi yao chaka chija inali $4,050 potenga pakati, ndipo mwana amagona kwao. Zaka ziwiri zoyamba za digiri ya malonda zimakhala za maziko: masamu, kalembedwe, chiyambi cha za chuma ndi cha kusunga mabuku a ndalama. Izi angaziphunzire motsika mtengo, kenaka n'kusamukira ku koleji yaikulu. Musaipeputse njira imeneyi. Legson Kayira, amene mu 1958 ananyamuka wapansi kuchokera kumpoto kwa dziko lino kukafuna maphunziro, anayamba pa Skagit Valley College, koleji ya zaka ziwiri, natsiriza pa University of Washington. Koma pali msampha. Mapangano osamutsira maphunziro amalimba m'kati mwa chigawo chimodzi, monga a Ivy Tech Community College ndi makoleji a Boma a ku Indiana. Pooloka malire, koleji yatsopano ikhoza kukana maphunziro ena, mwana n'kuwabwereza ndi ndalama zina. Digiri imafuna makirediti 120. Funsani koleji imene mwana adzatsirizireko kuti idzalandira angati, ndipo ikuyankheni polemba.

KUTSIKA MTENGO KOKHA SIKUKWANIRA

Tsopano ndinene za mbali yina. Chinthu chotsika mtengo koma chopanda nchito ndicho chokwera mtengo koposa. Musanalipire kanthu, onani zinthu zinai izi.

Poyamba, kodi kolejiyo ndi yobvomerezeka? Ku America kuli mabungwe oyendera makoleji ndi kuwabvomereza, monga Higher Learning Commission. Koleji yopanda chibvomerezo chotere silandira chithandizo cha Boma, ndipo maphunziro ake makoleji ena amawakana. Pa za malonda palinso mabungwe apadera. Lakale ndi lolemekezeka koposa ndi AACSB, limene linayamba mu 1916. Ena ndi ACBSP ndi IACBE. Chenjerani makamaka ndi makoleji amene eni ake anawatsegula kuti apindulepo. Mu 2015 makoleji a Corinthian anatsekedwa mwadzidzidzi, ndipo mu 2016 a ITT Technical Institute anatsekedwanso. Ophunzira zikwi zambiri anatsala m'njira, digiri alibe.

Chachiwiri, kodi mwana walandiridwa pa koleji yokha, kapena m'sukulu yake ya za malonda? Izi ndi zinthu ziwiri. Pa makoleji ambiri akulu sukulu ya za malonda iri ndi chipata chake-chake. Ena amalowa mwachindunji kuchokera ku sekondale. Ena amayamba aphunzira chaka chimodzi kapena ziwiri, kenaka n'kupikisana, ndipo si onse amene amadutsa. Kelley School of Business ya pa Indiana University iri ndi zipata zonse ziwirizi. Taganizani kulipira fizi ya ulendo zaka ziwiri, kenaka mwana n'kuuzidwa kuti malo palibe, asankhe maphunziro ena! Werengani kalata ya malo bwino-bwino, muone chimene yalonjeza.

Chachitatu, kodi ophunzira a pamenepo amatsiriza pa zaka zinai? Chaka chachisanu ndi mtengo wina wathunthu, ndipo basale zambiri zimathera pa zaka zinai. Boma la America liri ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa College Scorecard. Pamenepo muona kuti pa koleji yakuti-yakuti amatsiriza ndi angati, amatuluka ndi ngongole yotani, ndipo amene anaphunzira za malonda amalandira malipiro otani. Kuona ndi kwaulere.

Chachinai, kodi mwana afuna mbali iti ya malonda, ndipo afuna kudzagwira nchito kuti? Za malonda ziri ndi nthambi zambiri: kuwerengera ndalama, za mabanki, kutsatsa katundu, kuyendetsa kampani, kayendedwe ka katundu kuchokera ku fakitale kufika ku sitolo, ndi malonda a za ulimi. Pa maphunziro awa chinthu chachikulu ndicho nchito yoyeserera imene wophunzira amagwira pa kampani nthawi ya tchuthi, pakuti makampani ambiri amalemba nchito ana amene anawayesa kale. Ndipo makampani amakonda kutenga pa makoleji oyandikana nao. University of Arkansas iri ku Fayetteville, pafupi ndi malikulu a Walmart, Tyson Foods ndi J.B. Hunt. Mwana wofuna za kayendedwe ka katundu ali ndi chifukwa chomveka chopitira kumeneko. Chimenecho ndicho ndikutcha chifukwa. Koma kupita kutali chifukwa anzake apita, kapena chifukwa timu ya mpira ya kolejiyo ndi yotchuka, si chifukwa cholipirira $76,680 ai. Amene afuna kukhala akauntanti adziwenso kuti chiphaso cha CPA chimaperekedwa ndi chigawo, ndipo malamulo ake amasiyana. Aone lamulo la kumene afuna kudzakhala.

ZA NGONGOLE

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Mwana amene ali nzika ya America, kapena ali ndi green card, alembe fomu yotchedwa FAFSA chaka chiri chonse. Kulemba kwake ndi kwaulere, ndipo kawiri-kawiri imatsegulidwa pa 1 October. Fomu imeneyi ndiyo khomo la chithandizo cha Boma lalikulu. Ana a mabanja opeza mochepa amalandira Pell Grant, imene sabweza. M'chaka cha 2024 mpaka 2025 yaikulu koposa inali $7,395. Chithandizo ichi chimamtsata mwana ku chigawo chiri chonse, koma sichikula chifukwa fizi yakula. Ndipo basale zambiri za Boma la chigawo zimathera pa malire, mwana akaoloka amazisiya.

Boma lalikulu limakongozanso wophunzira. Mwana amene ali m'manja mwa makolo angakongole $5,500 chaka choyamba, $6,500 chachiwiri, $7,500 chachitatu ndi $7,500 chachinai. Zonse pamodzi ndi $27,000. Tsono yerekezani ndi $76,680 ija. Zotsalazo zichokera kuti? Zichokera kwa makolo, amene amakongola m'dzina lao, kaya kwa Boma kaya ku banki. Lamulo la 2025 linaika malire pa ngongole ya Boma ya makolo, akuti kuyambira pa 1 July 2026 okongola atsopano asapitirire $20,000 pa chaka, ndi $65,000 pa mwana mmodzi. Ngongole ya sukulu ku America ndi yobvuta kwambiri kuifafaniza, ngakhale munthu atagwa mpaka kukadandaula ku khoti. Mwana akalephera kutsiriza, ngongole siitha. Kholo limene lasaina pa pepala la banki lidzalipira ndilo.

Uphungu wanga ndi uwu. Ngati koleji singatheke popanda makolo kukongola zazikulu chaka ndi chaka, kolejiyo si ya banja lanu, ngakhale dzina lake likome chotani. Kumbukiraninso ang'ono ake amene akudza m'mbuyo. Iwonso adzafuna sukulu.

KWA INU AMENE MULI KUNO KWATHU

Ndidziwa kuti ena a inu anyamata ndi asungwana a kuno mukulakalaka kukaphunzira za malonda ku America. Imvani zoona zake. Wophunzira wolowa ndi viza ya sukulu ndi mlendo m'zigawo zonse 50, ndipo amakhalabe mlendo mpaka atatsiriza. FAFSA siimkhudza. Mapangano a zigawo aja samkhudza. Koleji isanamtumizire pepala lotchedwa I-20, ayenera kuonetsa kuti ali nazo ndalama za chaka chathunthu. Nchito imene amaloledwa nthawi ya sukulu ndi ya pa koleji pomwepo, yosapitirira maola 20 pa mlungu, ndipo malipiro ake sangakwanire fizi. Ndiponso mu December 2025 Boma la America linalengeza kuti kuyambira pa 1 January 2026 liimika kupereka maviza ena kwa nzika za maiko angapo, pamodzi ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo viza ya ophunzira inali m'gulu lomwelo. Malamulo otere amasintha. Chifukwa chake musagulitse munda kapena ng'ombe, musapatse ndalama munthu wokulonjezani malo, musanafunse ku ofesi ya Kazembe wa America. Safunsa anadya phula. Musaiwalenso kuti za malonda zimaphunzitsidwa konkuno, pa MUBAS ku Blantyre, ndipo malonda a za ulimi pa LUANAR ku Bunda.

CHIMENE MUCHITE

Potsiriza, nayi nchito imene ndikusiyirani makolo ndi mwana, muichitire pamodzi pa tebulo limodzi. Tengani pepala, mulembe mizere itatu kapena inai, koleji iri yonse mzere wake. Mzere woyamba ukhale wa koleji ya Boma ya m'chigawo chanu, pakuti ndiyo muyeso woyesera zinazo. Pa koleji iri yonse lembani fizi, fizi yapadera ya za malonda, pogona, chakudya, mabuku ndi maulendo. Chotsanipo basale zokha zimene simudzabweza. Zotsalazo muchulukitse kanai, ndipo muonjezeko pang'ono, pakuti fizi imakwera pafupi-fupi chaka chiri chonse. Pansi pake lembani ngongole imene mwana adzatuluka nayo, ndi imene inu makolo mudzatsala nayo. Makoleji ambiri amafuna yankho pofika pa 1 May, motero nthawi yowerenga iripo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati koleji ya kutali yatsika mtengo, kapena iri ndi chinthu chooneka chimene kwanu kulibe ndipo mungachikwanitse, mwana apite ndi madalitso anu. Ngati sichoncho, akhale.

Ana inu, mufuna kuphunzira za malonda. Dziwani kuti malonda anu oyamba ndi amenewa. Mukugula digiri, ndipo wogula wanzeru amayamba wafunsa mtengo m'masitolo angapo.

Mlungu wathawu ndinabwerera kwa mkulu uja, ndipo tinalembera mwana wao zonsezi. Ndinawauzanso kuti m'chigawo chomwecho cha Indiana muli Kelley School ija, imene ana a zigawo zina amalipira zambiri kuti akaphunzireko, ndiponso Purdue, imene kuyambira 2013 kufikira 2025 sinakweze fizi ya ana a eni chigawo pa $9,992. Mkuluyo anaseka nati, "Ndiye kuti ena akuthamangira kwao kwa mdzukulu wanga, iye akuthawako?" Kenaka anandiuza mau amene ndifuna nonse muwamve. Anati, "Mumlembere mwana wanga kuti za feteleza asade nazo nkhawa, ndiika manyowa. Mdzukulu wanga aphunzire ndithu. Chimene ndiopa ine ndi ngongole yoti mwana wanga akalambe nayo."

Msungwanayo sanasankhebe. Makalata a makoleji akufika, ndipo atate wake alemba kuti pepala lija aliyamba. Inu abale a kuno, musawakakamize ana a kunja kusiya sukulu chifukwa cha ndalama zimene amatitumizira, ndiponso musawakakamize kusankha koleji ya dzina lalikulu kuti ife tizinyadira pa mudzi. Athandizeni kuwerenga.

Mlungu wa mawa tidzabwerera ku za m'munda.